Ngongole Ikakula Kuposa Malipiro: Kupereka Katundu Kapena Kubweza Pang'onopang'ono?

Ambiri a ife tili ndi m'bale ku South Africa, kumene timangoti ku Joni. Wina ndi mlongo, wina ndi mwana, wina ndi bambo wa pakhomo. Munthu akapeza nchito yokhazikika kumeneko ndipo mapepala ake ali bwino, mabanki ndi masitolo amayamba kumukhulupirira. Amatenga foni pa ngongole, mipando pa ngongole, mwinanso galimoto. Zonsezi amalipira mwezi ndi mwezi.

Zimayenda bwino mpaka tsiku limene zinthu zasintha. Mwina nchito yatha, mwina masiku ogwira nchito acepa, mwina kumudzi kwagwa maliro awiri caka cimodzi. Ndalama zolowa zimacepa koma ngongole imakhala pomwepo. Makalata amayamba kubwera, foni imangolira. Ife kuno timangoona kuti ndalama zimene ankatumiza zasiya kufika, ndiye timati watiiwala. Nthawi zina sanatiiwale ayi, koma wamira m'ngongole ndipo akucita manyazi kunena.

Lamulo la ku South Africa lili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zothandizira munthu wotere. Njira yoyamba, munthu amapereka katundu amene ali naye lero kuti agulitsidwe. Njira yaciwiri, amasunga katundu wake koma amapereka gawo la malipiro amene adzalandira m'tsogolo, mwezi uliwonse, kwa zaka zingapo. Tiyeni tizione bwino njira ziwirizi, kuti m'bale wathu akadzatiuza mavuto ake tidzamve zimene akunena.

Mawu oti tiyambe tawadziwa

Wokongola ndi munthu amene anatenga ndalama kapena katundu ndipo ayenera kubweza. Eni ndalama ndi banki, sitolo kapena munthu amene anamukongoza. Ciwongola dzanja ndi ndalama zimene wokongola amawonjezera pamwamba pa zimene anatenga. Cikole ndi katundu amene waikidwa kuti atengedwe ngongole ikalephereka. Mwacitsanzo, nyumba yogulidwa ndi ndalama za banki imakhala cikole ca bankiyo mpaka ngongole itatha.

Ndalama za ku South Africa ndi randi. Polemba amaika R kutsogolo, ndiye R500 timawerenga kuti marandi 500. Randi imodzi ili ndi masenti 100.

Njira yoyamba: kupereka katundu

Pa Cingerezi njira iyi amaichula kuti sequestration. Lamulo lake ndi lakale kwambiri, la mu 1936, ndipo dzina lake ndi Insolvency Act. Wokongola amapita kwa loya, ndipo loyayo amakapempha khoti lalikulu, High Court, kuti lilandire katundu wa munthuyo. Eni ndalama nawonso ali ndi mphamvu yokapempha khoti kuti licite zimenezi, ngakhale wokongolayo asakufuna.

Khoti silivomera cabe cifukwa munthu wadandaula. Amene wabwera yekha ayenera kuonetsa zinthu zitatu. Coyamba, ngongole zake zaposa mtengo wa zonse zimene ali nazo. Caciwiri, ali ndi katundu wokwanira kulipira ndalama zoyendetsera nkhani yonseyi. Cacitatu, eni ndalama adzapindulapo, ndiye kuti katundu akagulitsidwa adzalandirako kanthu kooneka.

Nkhaniyi siicitika mobisa. Tsiku la khoti lisanafike, dzina la wokongola limalembedwa m'nyuzipepala ya boma, Government Gazette, komanso m'nyuzipepala ya dera limene akukhala. Cidziwitsoco ciyenera kutuluka kutatsala masiku osacepera 14 koma osapitirira 30. Eni ndalama amatumiziridwanso uthenga kuti adziwe.

Khoti likavomera, katundu amacoka m'manja mwa wokongola. Mkulu wina wa boma, amene amachedwa Master of the High Court, amasankha munthu woyang'anira katunduyo. Pa Cingerezi munthu ameneyu ndi trustee. Iye amalemba zonse zimene wokongola ali nazo, amazigulitsa, nthawi zambiri pa okushoni, kenako amagawa ndalamazo motsatira lamulo. Amayamba acotsa ndalama zoyendetsera nkhani. Banki imene inagwira cikole imalandira kucokera pa ndalama za cikoleco. Palinso ena amene lamulo limawaika patsogolo, monga ofesi ya msonkho. Zotsala ndi zimene eni ndalama ena onse amagawana, aliyense malinga ndi kukula kwa ngongole yake.

Mwina mukufunsa kuti, nanga munthuyo amatsala wamaliseche? Ayi. Zovala ndi zofunda sizigulitsidwa. Mipando, ziwiya za m'nyumba ndi zida zogwirira nchito angasiyiridwe, malinga ndi mmene eni ndalama kapena Master uja aonera. Penshoni siikhudzidwa. Malipiro amene adzalandira pambuyo pake amakhala ake, koma ngati akulandira zambiri kuposa zimene iye ndi banja lake akufunikira, woyang'anira katundu angatenge zapamwambazo.

Tiyerekeze ndi masamu

Tiyerekeze kuti mayi wina anali ndi sitolo yaing'ono ku Johannesburg, ndipo malonda agwa. Ngongole zake zonse ndi R400 000, ndipo palibe imene ili ndi cikole. Ali ndi galimoto yake yolipira kale, mafiriji ndi katundu wa m'sitolo. Zonsezi zagulitsidwa R160 000. Tinene kuti ndalama zoyendetsera nkhani zakwana R40 000. Zotsala ndi R120 000.

Tsono R120 000 igawidwe kwa anthu amene akufuna R400 000. Pa randi iliyonse imene anakongoza, aliyense alandira masenti 30. Sitolo imene ikufuna R10 000 ilandira R3 000. Banki imene ikufuna R100 000 ilandira R30 000. Ngongole imene yatsala osalipidwa ndi R280 000. Ndalama zimenezi mayi uja sadzazibweza, bola atsate lamulo mpaka kumapeto. Apa ndiye pagona ubwino wa njira yoyamba. Kuyambira tsiku limene khoti lavomera, eni ndalama sangamathamangitsenso mayiyo aliyense payekha. Onse amapita kwa woyang'anira katundu.

Mtengo wa njira yoyamba

Mayi uja wapuma, koma walipira mokwera. Galimoto yapita, sitolo yapita. Akanakhala ndi nyumba yakeyake, nayonso ikanagulitsidwa, ndipo banja likanasamukira m'nyumba ya lendi. Dziwaninso kuti katundu wa pa okushoni kawirikawiri amapita pa mtengo wotsika.

Pali zinanso zimene saloledwa kucita pa nthawi imeneyi. Sangakhale mmodzi wa akuluakulu oyendetsa kampani popanda cilolezo ca khoti. Sangatsegule sitolo yogulitsa zinthu zosiyanasiyana popanda cilolezo colembedwa ca woyang'anira katundu. Akafuna kukongola kwa munthu, ayenera kuulula kuti katundu wake ali m'manja mwa khoti, ndipo kubisa zimenezi ndi mlandu. Dzina lake limakhalanso m'mabuku a maofesi osunga mbiri ya okongola, amene mabanki amayamba afunsako asanakongoze munthu.

Zimenezi zimatha munthu akamasulidwa. Pa Cingerezi kumasulidwaku amati rehabilitation. Kawirikawiri munthu amapempha khoti kuti limumasule patapita zaka 4. Ngati sanapemphe, amamasuka yekha patapita zaka 10, pokhapokha khoti litalamula zina. Akamasulidwa, ngongole zakale zija zimafafanizidwa, kupatula zimene zinabwera cifukwa ca cinyengo cake.

Njira yaciwiri: kubweza pang'onopang'ono

Njira iyi pa Cingerezi amati debt review, ena amati debt counselling. Inabwera ndi lamulo la mu 2005 lochedwa National Credit Act, ndipo inayamba kugwira nchito pa 1 June 2007. Inapangidwira munthu amene akulandirabe ndalama mwezi ndi mwezi, koma ndalamazo sizikukwana kulipira ngongole zonse ndi kudyetsa banja.

Pano munthu sayambira kwa loya. Amapita kwa mlangizi wa za ngongole, debt counsellor. Mlangizi weniweni amakhala wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ngongole, National Credit Regulator, ndipo amakhala ndi nambala yoyamba ndi zilembo NCRDC. Wokongola amalemba fomu, n'kupereka cikalata ca malipiro ake ndi mndandanda wa ngongole zake zonse. Pasanathe masiku 5 a nchito, mlangizi amadziwitsa eni ndalama onse ndi maofesi osunga mbiri ya okongola aja.

Kenako mlangizi amakhala pansi ndi masamu. Amaona ndalama zimene munthuyo amalandira. Amacotsa za lendi, cakudya, mayendedwe, magetsi ndi sukulu ya ana. Zotsalazo ndi zimene zingapite ku ngongole. Ndiye amakambirana ndi eni ndalama kuti avomere kulandira zocepa pamwezi kwa nthawi yotalikirapo. Nthawi zambiri amawapemphanso kuti atsitse ciwongola dzanja. Mlangizi amaonanso ngati pali banki kapena sitolo imene inakongoza munthuyo mosasamala, osafufuza ngati angathe kubweza. Ngongole yotere khoti likhoza kuiimitsa kapena kuicotsa.

Dongosolo likakonzedwa limapita ku khoti laling'ono, la majisitireti, kuti likhale lamulo. Ngati onse agwirizana, lingapitenso ku bwalo lina lochedwa National Consumer Tribunal. Kuyambira pamenepo wokongola amalipira kamodzi pamwezi ku kampani yovomerezeka yogawa ndalama, ndipo kampaniyo ndi imene imagawira eni ndalama onse. Malinga ngati akulipira, eni ndalama saloledwa kumulanda galimoto kapena nyumba.

Tiyerekezenso ndi masamu

Tiyerekeze kuti bambo wina amagwira nchito yomanga ku Pretoria ndipo amalandira R15 000 pamwezi. Ali ndi ngongole ya galimoto, ya ku banki, ndi ya masitolo awiri. Zonse pamodzi ndi R300 000, ndipo mwezi uliwonse amafunika kulipira R11 000. Lendi, cakudya, mafuta ndi zina zofunika pakhomo zimadya R8 000. Tikaphatikiza R11 000 ndi R8 000 tipeza R19 000. Koma iye amalandira R15 000 basi. Mwezi uliwonse akuperewera R4 000, ndipo kuti atseke dzenje limeneli amakongolanso kwina.

Mlangizi acotsa R8 000 pa R15 000, ndipo patsala R7 000. Imeneyi ndiye ndalama imene bamboyo angathe kulipira osagona ndi njala. Eni ndalama akavomera ndipo khoti likalamula, iye azilipira R7 000 m'malo mwa R11 000. Galimoto ikhalabe yake, ndipo azipitabe nayo ku nchito.

Nanga zidzatha liti? Tigawe R300 000 ndi R7 000. Tipeza miyezi pafupifupi 43, ndiye kuti zaka zitatu ndi miyezi 7. Koma apa sitinawerengere ciwongola dzanja ndi malipiro a mlangizi. Tikaziwonjezera, nthawi italika, mwina kufika zaka 5 kapena kupitirira.

Mtengo wa njira yaciwiri

Cinthu cacikulu coti timvetse n'cakuti njira iyi siifafaniza ngongole. Bambo uja adzabweza R300 000 yonse pamodzi ndi ciwongola dzanja cimene agwirizana. Cimene casintha ndi kukula kwa ndalama za pamwezi ndi kutalika kwa nthawi.

Pa zaka zonsezi saloledwa kutenga ngongole yatsopano, ngakhale khadi ya sitolo ya zovala. Akadumphitsa kulipira, citetezo cija cimatha, ndipo eni ndalama angabwerere ku khoti n'kulanda galimoto ija. Zikatero ndiye kuti wavutika zaka ziwiri kapena zitatu koma katundu wapitabe. Komanso khoti likalamula, kutulukamo pakati n'kovuta kwambiri. Munthu sangangodzuka m'mawa n'kunena kuti ndasintha maganizo.

Cinanso, si ngongole iliyonse imene imalowa. Njira iyi ndi ya ngongole zimene lamulo la 2005 lija limayang'anira, monga za banki, za masitolo, za galimoto ndi za nyumba. Ndipo ngati mwini ndalama wayamba kale mlandu ku khoti pa ngongole ina, ngongole imeneyo imatsala kunja. N'cifukwa cake kucedwa kumapweteka. Amene amabisa makalata pansi pa matiresi, n'kumadikira mpaka cisamani ca khoti cifike, amapeza kuti khomo latsekeka pa ngongole yomwe imamuopsa kwambiri.

Munthu akamaliza kulipira, mlangizi amamupatsa cikalata cosonyeza kuti wamaliza, clearance certificate. Ngati yatsala ndi ngongole ya nyumba yokha ndipo akuilipira bwino, angalandirebe cikalataci. Maofesi osunga mbiri ya okongola amayenera kufafaniza cizindikiro cimene anaika pa dzina lake.

Kusiyana kwake mwacidule

Za katundu: pa njira yoyamba nyumba ndi galimoto zimagulitsidwa. Pa njira yaciwiri zimakhalabe za mwini wake, malinga ngati akulipira.

Za malipiro: njira yoyamba siifuna kuti munthu akhale pa nchito, koma imafuna kuti akhale ndi katundu wogulitsika. Njira yaciwiri siingatheke popanda ndalama zolowa mwezi ndi mwezi.

Za ngongole yotsala: pa njira yoyamba imafafanizidwa munthu akamasulidwa. Pa njira yaciwiri yonse imabwezedwa.

Za khoti: njira yoyamba imapita ku khoti lalikulu kudzera mwa loya, ndipo imadya ndalama zambiri. Njira yaciwiri imayambira kwa mlangizi n'kukathera ku khoti laling'ono.

Za nthawi: pa njira yoyamba katundu amapita msanga, koma kumasulidwa kumatenga zaka 4 mpaka 10. Pa njira yaciwiri nthawi imadalira kukula kwa ngongole ndi ndalama zimene munthu angathe kupereka pamwezi.

Za ufulu: pa njira yoyamba pali nchito ndi malonda ena amene munthu saloledwa kucita. Pa njira yaciwiri amapitiriza nchito ndi malonda ake, kungoti sangakongolenso.

Tikayang'ana anthu athu awiri aja, tiona kuti aliyense ali ndi njira yomuyenera. Mayi wa sitolo alibe ndalama zolowa, tsono mlangizi alibe coti agawe. Bambo womanga ali ndi malipiro, ndipo galimoto ndi imene imamufikitsa ku nchito. Ataigulitsa, mwina nchitonso ingathe. Palibe njira imene ili yabwino kwa aliyense. Funso loyamba n'lakuti, kodi munthuyu mphamvu yake ili pa katundu kapena pa malipiro?

Nanga amene alibe zonse ziwiri?

Apa ndi pamene pali cisoni. Munthu wosauka kwenikweni, amene alibe katundu komanso alibe nchito, njira zonse ziwiri zimamukana. Khoti lalikulu silingalandire katundu wake cifukwa eni ndalama sadzapindulapo kanthu. Mlangizi naye sangakonze dongosolo popanda ndalama zolowa.

Pali kanjira kena ka ngongole zing'onozing'ono zosapitirira R50 000, kochedwa administration order. Khoti la majisitireti limasankha munthu woti azitolera ndalama kwa wokongola n'kumagawira eni ndalama. Koma nakonso kamafuna kuti munthu akhale ndi kenakake kolowa, ndipo wotolerayo amadulapo malipiro ake. Amene alibiretu kanthu, cimene angacite ndi kupita yekha kwa eni ndalama msanga, kuwafotokozera mmene zinthu zilili, ndi kupempha malangizo ku Legal Aid South Africa, bungwe la boma lothandiza osauka pa nkhani za malamulo.

Misampha itatu

Msampha woyamba ndi kubisa katundu. Munthu akaona kuti zinthu zavuta amaganiza zolembetsa galimoto m'dzina la mlamu wake, kapena kupereka mipando kwa mnzake kuti asunge. Woyang'anira katundu ali ndi mphamvu yofufuza zakale. Katundu woperekedwa kwaulere khoti likhoza kumubweza. Ngakhale kulipira mwini ndalama mmodzi yekha n'kusiya ena, m'miyezi 6 yomaliza khoti lisanalandire katundu, kukhoza kubwezedwa. Kubisa katundu mwadala ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo.

Msampha waciwiri ndi kusainira mnzako. Banki nthawi zina imafuna munthu wina woti alonjeze kuti wokongola akalephera, iye adzalipira. Dziwani kuti wokongola akamasulidwa, amene anamusainira samasuka naye. Banki imatembenukira kwa iye. Musanaike dzina lanu pa pepala la ngongole ya wina, werengani mzere uliwonse. Pamene simukumva, funsani munthu amene si wa banki kapena sitoloyo. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Msampha wacitatu ndi kubisira mkazi kapena mwamuna. Ku South Africa anthu ambiri amakwatirana m'njira yoti katundu ndi ngongole zonse ndi za onse awiri. Pa banja lotere, khoti likalandira katundu limalandira wa onse awiri, ndipo kwa mlangizi amayeneranso kupita onse awiri. Si bwino kuti mayi adzamve nkhaniyi tsiku limene anthu abwera kudzalemba mipando.

Maiko ena amacita bwanji?

Njira ziwirizi sizili ku South Africa kokha. Maiko ambiri ali nazo, koma dziko lililonse limaziyendetsa mwa njira yake. Titenge citsanzo ca America kuti tione kusiyana. Kumeneko njira yogulitsa katundu amaichula Chapter 7, ndipo ngongole yotsala imafafanizidwa msanga, kawirikawiri patangopita miyezi inayi. Njira yobweza pang'onopang'ono amaichula Chapter 13. Imatenga zaka 3 mpaka 5, ndipo munthu akamaliza, ngongole zambiri zotsala zimafafanizidwa. Pamenepa ndiye pasiyana ndi ku South Africa, kumene wobweza pang'onopang'ono amabweza zonse. Ngakhale ku America komweko pali zina zimene sizifafanizidwa, monga ndalama zosamalira ana banja likatha.

Tsono munthu asamve nkhani ya dziko lina pa wailesi kapena pa Facebook n'kuganiza kuti ndi mmenenso zilili kumene iye akukhala. Zimene tafotokoza m'nkhani ino ndi za ngongole zotengedwa ku South Africa. Kuno ku Mozambique tili ndi lamulo lathu la mu 2013, limene linalembedwa poganizira makamaka amalonda ndi makampani. Amene ali ndi vuto la ngongole kuno kwathu ndipo alibe ndalama za loya angapite ku ofesi ya IPAJ, imene imathandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo.

Ife a kumudzi tingathandize bwanji?

M'bale akaimba foni n'kunena kuti ngongole yamukulira, tisayambe ndi kumudzudzula. Wadzidzudzula kale yekha usiku wambiri. Timufunse mafunso atatu. Kodi ukulandirabe ndalama mwezi ndi mwezi? Kodi uli ndi katundu wanji amene ndi wakowako? Kodi pali kalata ya khoti imene yafika? Mayankho ake ndi amene angasonyeze khomo loti agogode, la mlangizi kapena la loya.

Timulimbikitse kuti alembe ngongole zake zonse pa pepala limodzi, osasiyako ngakhale yaing'ono. Timuuze kuti afunse nambala ya mlangizi ndi kuitsimikizira ku National Credit Regulator asanapereke ndalama iliyonse, cifukwa pali anthu ena oimba mafoni amene amalonjeza kufafaniza ngongole koma colinga cawo ndi kudya za wovutika. Afunsenso kuti malipiro a mlangizi kapena a loya ndi angati, ndipo amulembere pa pepala.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Munthu amene ali pa dongosolo lobweza pang'onopang'ono ali ndi ndalama zowerengeka kale. Tikamamukakamiza kuti atumize za feteleza, za malata ndi za ukwati wa msuweni, iye adzadumphitsa mwezi umodzi kuti atisangalatse, ndipo mwezi umodzi umenewo ukhoza kumutayitsa galimoto kapena nyumba. Tikamupatsa mpata wa zaka zocepazi, adzamaliza ali ndi nchito yake ndi katundu wake, ndipo adzayambanso kutithandiza.

Mafunso oti mukambirane ndi anzanu

1. Pa njira ziwiri zija, ndi iti imene munthu amasunga galimoto yake? Ayenera kucita ciyani kuti aisungebe?

2. N'cifukwa ciyani khoti lalikulu lingakane kulandira katundu wa munthu wosauka kwambiri?

3. Katundu wa munthu wina wagulitsidwa, ndipo atacotsa zoyendetsera nkhani patsala R50 000. Ngongole zake ndi R200 000. Kodi eni ndalama alandira masenti angati pa randi iliyonse?

4. Mayi wina amalandira R12 000 pamwezi, ndipo zofunika pakhomo zimadya R7 500. Kodi angathe kupereka ndalama zingati ku ngongole mwezi uliwonse?

5. Mnzanu wakupemphani kuti mumusainire ngongole ku banki. Kodi mungamufunse mafunso otani musanayankhe?